Mpindiro

Ndine telala wa pakhonde, pa Kamuzu Road,
ndipo ntchito yandiphunzitsa chimodzi:
muyeso wa mwana suchedwa kunama.
Umuyeza Januwale,
pofika nyengo ya mango kabudula wamuthina.

Jafali atakwana zaka zitatu analibe liwu.
Kumuitana kunali ngati kuitana chipupa.
Kusikelo anati mwina ndi gonthi,
koma gonthi wanji wotseka makutu
sitima ikadali kutali, ife tisanaimve?
Azakhali ake anati ndamukhwimira kuti makina ayende.
Amayi awiri anadzatenga zitenje zawo zosasoka,
sanatsanzike n'komwe.

Iye ali phee pansi pa tebulo,
kundandalika mabatani:
a mabowo awiri uku, a mabowo anayi uko.
Ukasuntha limodzi
ankalira mpaka mawu kusasa.

Ali ndi zaka zisanu, dokotala wochoka ku Lilongwe
analemba m'kabuku ka chipatala: otizimu.
Anati mwina sadzayankhula.
Iye anati mwina. Ine ndinamva ndithu.
Ndinadula moyo wa mwana wanga pa muyeso umenewo
osasiya ngakhale chala chimodzi cha mpindiro.

Liwu loyamba linabwera ali ndi zisanu ndi ziwiri.
Silinali ababa, silinali amayi.
Ndikupalasa makina, pansi panamveka:
"Watha."
Ndinaima. Ulusi wa pansi unalidi utatha,
ndinali ndikusoka mphepo.

Kenaka mawu anakhuthuka ngati belo la kaunjika,
onse ovalidwa kale ndi ena.
Ankalonjera makasitomala ndi uthenga wa maliro wa pawailesi,
dzina, mudzi, mfumu yaikulu, tsiku loika.
Shehe atamufunsa za moyo
anawayankha mtengo wa thonje.
Tinaseka mpaka misozi,
ndipo misozi ina sinali ya kuseka.

Lero ali ndi khumi ndi zinayi, Sitandade 7,
nsapato zake zikundikwana.
Mabatani anawasiya.
Amayang'ana anthu kumaso,
ngakhale anandiuza chinsinsi:
amayang'ana pakati pa nsidze, n'kumawerenga mpaka zisanu.
Dokotala wina, mnyamata, anatsegula kabuku kaja,
anamucheza, anamufunsa za anzake, nati,
"Zizindikiro zambiri zachepa.
Akanabwera lero, mwina sindikanalemba chomwechi."
Mayi ake anaphika mpunga Lachiwiri wamba.
Anauza mpanda wonse kuti wachira.

Koma dokotala samuona akaweruka,
atanyamula tsiku lonse ngati thumba la simenti,
akuzemba kuseri kwa sitolo
kukakupiza manja pomwe palibe womuseka.
Saona chizindikiro cha pakolala
chimene ndimamatulabe pa malaya aliwonse
chifukwa chimamuluma ngati linthumbu.
Ndipo kwabwera china chimene kale kunalibe:
mantha.
Usiku amadzuka kanayi kukakhudza loko.
Mnzake akapanda kumulonjera
amafunsa sabata yathunthu chimene walakwa.
Ali wamng'ono sankadziwa kuti anthu akumuona.
Tsopano akudziwa.

Ndiye chachepa n'chiyani, chakula n'chiyani?
Nsalu ukaikoka uku imakwinyika uko.

Dzulo ndikudula yunifolomu yake, anafunsa,
maso ali pa lumo:
"Ababa, liwu lija la m'kabuku, ndikadali nalo?"
Ndinafuna kunama. Sindinadziwe bodza loyenera.
Ndinati, "Iwe ukuona bwanji?"
Anakhala chete nthawi yosokera thumba lonse.
"Masiku ena landithina," anatero,
"masiku ena ndimalifuna, kuti aphunzitsi asamati ndi mwano."

Ndinatenga tepi, ndinamuyeza mapewa.
Anandilola kumukhudza, koma mwachangu.
Nambala ndinalemba ndi choko, osati bolopeni.
M'munsi mwa buluku ndinapinda zala zinayi,
ndi ulusi wosavuta kumasula.